Mmene mungaphunzitsire mwana kuwerenga pakhomo kuno ku Joni, kuyambira ndi Chichewa

Tsiku limene ndinazindikira kuti mwana wanga wachisamba sadziwa kuwerenga, anali atangondiwerengera kabuku konse osaphonya paliponse. Linali Lamulungu madzulo m'kachipinda kathu ku Rosettenville, ine ndikusita yunifolomu, iye ali pabedi ndi kabuku ka Chingerezi kochokera kusukulu. Mawu ankangotuluka myaa, ndipo mtima wanga unadzaza. Kenaka ndinaimika simbi, n'kuphimba chithunzi ndi dzanja, n'kuloza mawu amodzi pakati pa tsamba. Mwana anayang'ana dzanja langa, osati malembo. "Amayi, tachotsani dzanja ndione." Nditachotsa anati "dog". Pamenepo panalembedwa "puppy". Anali mu Giredi 2, ndipo chimene ankachita ndi kuloweza ndi kulosera poyang'ana zithunzi.

Mwanayo si kuti mutu unali wouma ayi. Ana otere ndi ambiri m'dziko muno. Kafukufuku wa PIRLS, amene amayesa ana a Giredi 4 m'maiko ambiri, anapeza mu 2021 kuti ana 81 pa 100 alionse a ku South Africa satha kuwerenga n'kumva zimene awerenga, ngakhale m'chinenero chimene akhala akuphunziramo kuyambira Giredi 1. Mu 2016 anali 78. Ana athu akukhala m'makalasi omwewo, ndipo iwo asenzanso katundu wina: kunyumba Chichewa, pabwalo Chizulu kapena Chisuthu, m'kalasi Chingerezi. Ndiye ndikulemberani, makolo anzanga, zimene mungachite madzulo alionse, potsata zimene ofufuza anapeza.

Mu 1986 akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza kuti kuwerenga kumafuna zinthu ziwiri pamodzi. Mwana azitha kusandutsa malembo kukhala mawu oyankhulidwa, komanso azimva chinenero chimene mawuwo alimo. Chimodzi chikasowa, palibe kuwerenga. Mu 2000 gulu la akatswiri limene boma la America linasankha, National Reading Panel, linaunika kafukufuku wochuluka n'kutchula zofunika zisanu: kumva maliwu a m'mawu, kulumikiza maliwu ndi malembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri ndi kumvetsa nkhani. Ku England lipoti la Jim Rose la mu 2006 linachititsa kuti sukulu ziziphunzitsa maliwu mwadongosolo kuyambira pachiyambi. Kumudzi nako ku Malawi, National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inatsata njira yomweyi. M'munsimu ndikati "liwu" kapena "maliwu" ndikunena kamvekedwe ka lembo, monga aphunzitsi a Sitandade 1 amanenera, ndipo ndikati "mawu" ndikunena zinthu ngati "nyumba" kapena "galu".

Yambani mwasankha chinenero

Apa mpamene ambiri timakangana. Ndamva kangapo kutchalitchi ndi pamisonkhano ya chipereganyu: "Mwana akuphunzira Chingerezi, mukamuonjezera Chichewa mumusokoneza." Ine ndikuti ngati mwana wanu amayankhula ndi kumva Chichewa, yambirani pomwepo.

Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera. Lembo la a ndi a basi, kaya lili mu "ana", mu "madzi" kapena mu "nkhwangwa". Malembo a liwu, amene ndi a, e, i, o ndi u, alipo 5 okha, ndipo sasintha. Chingerezi chili ndi maliwu pafupifupi 44 koma malembo 26, ndipo a wa mu "cat" si a wa mu "cake" kapena wa mu "call". Mu 2003 Philip Seymour ndi anzake anayerekeza ana oyamba sukulu m'maiko a ku Ulaya. Kumene chinenero chimalembedwa molunjika, monga ku Finland, Italy ndi Spain, ana ambiri ankawerenga molondola chaka choyamba chisanathe, pamene ophunzira m'Chingerezi ankatenga nthawi yoposa kawiri kuti afike pomwepo. Chichewa chili m'gulu la zinenero zolunjikazo. Mwana akagwira mfundo yakuti lembo limaimira liwu ndipo maliwu amaphatikizana, sadzaiphunziranso kachiwiri. Amangoinyamula n'kulowa nayo m'Chingerezi kapena m'Chizulu. Zimenezi Jim Cummins wa ku Canada anazifotokoza kuyambira cha m'ma 1970, kuti luso limene mwana wapeza m'chinenero choyamba limathandiza chachiwiri.

Palinso china. M'Chichewa inuyo ndinu katswiri. Mwana akalakwitsa mumva nthawi yomweyo, ndipo akafunsa tanthauzo mumuyankha osakayika. Amene pakhomo panu mumayankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chitonga, njira ndi yomweyi, mungosintha mawu. Koma ngati mwana anabadwira konkuno ndipo Chichewa sachimva n'komwe, musamukakamize kuwerenga zimene sakuzimva. Yambani ndi chinenero chimene amachidziwa bwino, uku mukumuyankhula Chichewa tsiku ndi tsiku.

Konzani nthawi ndi zipangizo

Mphindi 15 patsiku, masiku asanu pamlungu, n'zokwanira. Ndikudziwa kuti ambiri timachoka kusanache kukakwera tekisi n'kubwerera kuli mdima, koma mphindi 15 zimapezeka pamene madzi a nsima akutentha. Zochepa tsiku lililonse zimaposa maola awiri Loweruka lokha. Dulani katoni ya sopo kapena ya tiyi kukhala timakadi, gulani cholembera chakuda chachikulu, kope limodzi ndi pensulo. Tolaninso zotsekera mabotolo zingapo. Wailesi yakanema izime, foni ikhale chafufumimba.

Ndipo shamu musaiyandikize. Mwana wamantha amangoyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati mwakwiya, malembo sawaona.

Choyamba ndi khutu

Musanatulutse kadi ngakhale limodzi, phunzitsani mwana kumva kuti mawu ali ndi zidutswa. Izi mungayambe ali ndi zaka zinayi, ndipo sizifuna pepala. Ombani m'manja potchula dzina lake, phatikizo lililonse kuomba kamodzi. Chitani chimodzimodzi ndi zinthu za m'nyumba: po-to, sa-pa-to, chi-ma-nga. Aike chotsekera botolo chimodzi patebulo pa phatikizo lililonse, kenaka awerenge kuti zilipo zingati.

Akazolowera, tsikirani ku maliwu. Nenani "mmmoto, mmmadzi, mmmutu" n'kufunsa kuti akumva chiyani koyambirira. Mufunseni kuti pakati pa "sopo", "suga" ndi "galu", ndi mawu ati amene sakuyamba ngati anzake. Sewero limene ana amalikonda ndi loyankhula moduladula: "Tandipatsa m-o-t-o", iye aphatikize yekha n'kufuula kuti moto. Mumzere wa tekisi ku Bree kapena mukuyenda kupita kushopu, seweroli limatheka. Musakhalitsepo miyezi yambiri, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti kumva maliwu kumakula msanga kukaphatikizidwa ndi malembo enieni. Milungu iwiri kapena itatu, lowani gawo lotsatira uku masewerowa akupitirira.

Lembo lililonse ndi liwu lake

Pano mpamene ambiri tinalakwitsa ndi mtima wabwino. Timayamba ndi nyimbo ya maina a malembo, ei, bi, si, di, mwana n'kuiloweza yonse, ife n'kuomba m'manja. Koma muyeseni: "emu, ei, emu, ei" sangatulutse "mama" ngakhale abwereze kakhumi. Chimene chimawerengetsa ndi liwu. Onetsani kadi la m, tsekani milomo, nenani "mmm". Osati "emu", osati "ma", osatinso "mu". Pa s nenani "sss", pa n "nnn". Malembo ngati t, k ndi p sakokeka, choncho atchuleni mwachidule, mongogunda, osaonjezera liwu kumapeto. Maina a malembo adzawadziwa kusukulu, ndipo si oipa, koma pa mphindi 15 zanu gwiritsani maliwu.

Musatsate a, b, c. Sankhani malembo amene apange mawu msanga. Ine ndinayamba ndi a, m, n ndi i. Ndi anayi okhawa mwana akhoza kuwerenga "ana", "ima", "ina", "nama" ndi "amama". Kenaka u ndi k, ndipo mwapeza "ika", "kana", "uku", "kumana". Mukaonjezera t, o, l ndi e mawu amachuluka: "moto", "mutu", "lima", "atate", "kalulu", "makala", "amalume". Malembo awiri kapena atatu pamlungu ndi liwiro labwino, ndipo tsiku lililonse yambani ndi kubwereza makadi onse akale mwachangu, mutawasakaniza. Yambani ndi malembo aang'ono chifukwa ndi amene adzaza m'mabuku.

Lembo lililonse latsopano alilembe ndi dzanja uku akutchula liwu lake. Alembe ndi chala mumpweya, pamsana panu, m'mbale imene mwathiramo ufa pang'ono, kenaka m'kope. Dzanja limathandiza ubongo kusunga maonekedwe a lembo. Akamasokoneza b ndi d musadandaule msanga. Katswiri wa za ubongo wa ku France, Stanislas Dehaene, anafotokoza kuti ubongo wa mwana unazolowera kuti kapu ndi kapu kaya chogwirira chaloza kumanja kapena kumanzere, ndiye pamatenga nthawi kuti uphunzire kuti malembo satero. Ingopewani kuphunzitsa b ndi d mlungu umodzi.

Kuphatikiza, pamene pagona nkhani yonse

Ikani kadi la m kumanzere, la a kumanja, motalikirana. Lozani m ndi chala, nenani "mmm" osadula mpweya, chala chikuyenda mpaka pa a: "mmmaaa". Sendezani makadi ayandikane, bwerezani mofulumirirapo. Agundane, nenani "ma". Chitani inu poyamba iye akuona, kenaka chitirani limodzi, pomaliza achite yekha. Chinsinsi n'chakuti liwu lisaduke pakati. Mwana akanena "m", n'kupuma, n'kunena "a", kawirikawiri amaiwala loyamba asanafike pa lachiwiri. N'chifukwa chake tinayamba ndi m ndi n, amene amakokeka.

Ana ena amagwira tsiku lomwelo, ena pamapita milungu iwiri akungonena maliwu awiri padera. Wanga anali wa gulu lachiwirili. Ndinkaona ngati palibe chikuyenda, mpaka usiku wina ananena "nnnaaa, mmmaaa", n'kukhala phee, kenaka n'kudzuka pampando: "Nama! Amayi, alemba kuti nama!" Anazindikira kuti mawu amene amawadziwa pakamwa ndi omwewo ali papepala. Musathamangire kutsogolo mwana asanafike pamenepa.

Akatha "ma", sinthani kadi lakumanja: mi, mu, me, mo. Tonsefe tinakula tikuimba ma me mi mo mu, ndipo maphatikizo ndi abwino kwambiri m'Chichewa chifukwa mawu athu amamangidwa ndi iwowo. Vuto ndi nyimboyo. Mwana akhoza kuimba mzere wonse maso ali kudenga. Choncho sakanizani: lozani mo, kenaka ma, kenaka nu, kenaka ki. Akadodoma, ndiye kuti analoweza nyimbo, bwererani ku chala ndi kukoka liwu.

Maphatikizo akakhazikika, lembani lililonse pakadi lake kuti azimanga mawu. Ika "ka", "lu", "lu". Chotsa "ka", kwatsala chiyani? Pa "lima" chotsa "li" uike "lu", akuti chiyani tsopano? Nthawi zina mupatseni mawu opanda tanthauzo, monga "tumo" kapena "neki", mutamuuza kuti ndi dzina la chilombo cha m'nthano. Mawu otere sangawalosere, ndiye mudziwa ngati akuwerengadi. Ku England ana a chaka choyamba amayesedwa ndi mawu opeka otere kuyambira mu 2012.

Malembo oyenda awiriawiri ndi atatuatatu

Malembo onse apaokha akatha, Chichewa chimayamba kuonetsa mano ake, ndipo ana ambiri amaima apa chifukwa palibe anawafotokozera. Phunzitsani gulu lililonse ngati chinthu chatsopano, limodzi pa nthawi.

Yambani ndi ph, th ndi kh. Mwana aike chikhatho kutsogolo kwa pakamwa anene "pala", kenaka "phala". Amva mpweya ukumuomba pa mawu achiwiriwo. Muuzeni kuti h ndiye chizindikiro cha mpweyawo. Yesaninso "kola" ndi "khola". Kenaka ny wa mu "nyama", ch ndi tch, ts wa mu "tsiku", dz wa mu "dzira". Pa ng ndi ng' khalanipo masiku angapo, chifukwa kachizindikiro kakang'onoko kamasintha zonse: ng'oma timaimba pagule, ngoma ndi nyama ya m'tchire. Zikatero bwerani ku mb, nd, nj, mph, nth ndi nkh, kenaka amene amatenga w kapena y, monga "bwera", "mwana", "kudya", "fodya". Pomaliza mupatseni "nkhwangwa" ndi "ntchentche". Akawerenga amenewa yekha, palibe mawu a Chichewa amene angamuopse.

Mawu aatali, amene m'Chichewa ndi ochuluka, muphunzitseni kuwadula ndi chala: a-na-ndi-pa-tsa. Phimbani mbali yotsala, muzivundukula phatikizo limodzilimodzi.

Lembani nokha timabuku toyamba

Musadikire kuti malembo onse athe. Akangodziwa khumi, lembani m'kope ziganizo zokhala ndi malembo okhawo amene waphunzira: "Atate alima." "Ana atola makala." "Kalulu ali kuno." Osajambula chithunzi pambali. Awerenge kaye, kenaka ajambule yekha zimene wamva, ndipo chithunzicho chikuuzani ngati wamvetsa. Ikanimo maina a abale ake ndi zinthu za pakhomo panu, mwana amakonda kudzipeza m'nkhani.

Akalakwitsa, musamuuze yankho msanga, ndipo musanene kuti "tayang'ana chithunzi" kapena "ukuganiza kuti pangakhale mawu anji". Kulosera ndi chizolowezi cha ana amene kuwerenga kukuwavuta, ndipo ndi chimene chinagwetsa mwana wanga. Lozani pamene walakwitsa n'kunena kuti, "Taonanso apa. Liwu lake ndi chiyani?" Atchule, aphatikize, kenaka abwereze chiganizo chonse. Akakanika mutawerenga chamumtima mpaka kasanu, muonetseni inu mmene amaphatikizira, iye abwereze, mupitirire. Pomuyamikira tchulani chimene wachita: "Wachita bwino, unabwerera wekha n'kukonza."

Mphindi zitatu zomaliza zikhale za lembetso. Tchulani mawu atatu kapena chiganizo chimodzi, iye anene maliwu ake pang'onopang'ono n'kulemba. Kulemba ndi kuwerenga zimakokana, ndipo m'kopemo mudzaona msanga liwu limene silinakhazikike. Lembani deti pa tsamba lililonse.

Kuwerenga mosadodoma

Mwana amene akuvutika ndi phatikizo lililonse amafika kumapeto kwa chiganizo ataiwala chiyambi. Mankhwala ake ndi kubwereza mokweza pali womumvetsera. Sankhani kankhani kafupi, muwerengereni inu kamodzi ndi mawu okoma, mukupuma pa mpumiro. Kenaka awerenge iye katatu kapena kanayi pa masiku angapo. Akawerengere mng'ono wake, kapena mumujambule mawu pa WhatsApp mutumize kwa agogo kumudzi.

Kamodzi pamwezi muyeseni ndi wotchi ya pafoni: mphindi imodzi, nkhani imene sanaionepo, muwerenge mawu amene watchula molondola. Unduna wa maphunziro wa dziko lino unaika miyezo ya zinenero monga Chizulu ndi Chikhosa: pomaliza Giredi 1 mwana azitchula maliwu a malembo 40 pamphindi, pomaliza Giredi 2 aziwerenga mawu 20 pamphindi, ndipo pomaliza Giredi 3 mawu 35. Miyezoyi si ya Chichewa, koma poti nafenso timalemba mawu aatali olumikiza ngati Azulu, ine ndimaiona ngati poyambira pabwino. Nambalayo ilembeni m'kope, musaisandutse mpikisano. Mwana wothamanga osamva kanthu sanapindule, choncho nthawi zonse mufunseni kuti nkhaniyo ikuti chiyani.

Nthano, macheza ndi mabuku

Zonse ndanenazi ndi mbali imodzi ya zija za Gough ndi Tunmer. Mbali inayo, kudziwa mawu ndi kumva nkhani, imayamba mwana ali kumsana ndipo siyenera kudikira. Ife tili nacho kale chuma chake. "Padangokhala," mwana n'kuyankha "tili tonse." Muuzeni za kalulu ndi fisi, muime pakati n'kufunsa kuti kalulu achita chiyani tsopano, nanga n'chifukwa chiyani fisi anapusitsidwa. Mawa afotokoze iyeyo. Muponyereni zilapi, monga ya nyumba ya amayi yopanda khomo. Pophika tchulani zinthu ndi maina ake enieni, mthiko, chipande, kuvundula, kuomola, chifukwa mwana wokulira m'chipinda chimodzi ku Hillbrow mawu amenewa sangawatole pabwalo.

Muwerengereninso mabuku ovuta kuposa amene angawerenge yekha. Apa zithunzi n'zololedwa, chifukwa wowerenga ndinu ndipo cholinga ndi kucheza. Ku Khayelitsha, ku Cape Town, ofufuza Lynne Murray, Peter Cooper ndi anzawo anaphunzitsa olera ana kwa milungu 8 mmene angaonere mabuku a zithunzi pamodzi ndi makanda a miyezi 14 mpaka 16: kutsata chimene mwana waloza, kuchitchula dzina, kufunsa ndi kuonjezera. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti anawo anadziwa mawu ambiri ndipo ankatha kuika chidwi nthawi yotalikirapo kuposa anzawo. Njirayi imatheka ngakhale kwa kholo limene sukulu silinapite nayo patali. Buku likakhala la Chingerezi, kambiranani zithunzizo m'Chichewa.

Mabuku a Chichewa kuno ndi osowa, koma njira zilipo. African Storybook, ya bungwe la Saide la konkuno ku Johannesburg, ili ndi nkhani zaulere pa intaneti m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo, ndipo mukhoza kuzitsitsa pafoni kapena kukazisindikiza. Book Dash, imene inayamba mu 2014, ndi Nal'ibali, imene inayamba mu 2012, zili ndi nkhani zaulere m'Chingerezi ndi m'zinenero za dziko lino. Malaibulale a mzinda, monga ya ku Yeoville ndi ya ku Rosettenville, ali ndi mbali ya ana. Wachibale akamabwera pabasi, pamodzi ndi usipa ndi ufa mutumeni mabuku a Chichewa a Sitandade 1 ndi 2. Buku la nyimbo la kutchalitchi nalonso ndi lothandiza, poti mwana amawerenga mawu amene amawaimba kale.

Kuolokera ku Chingerezi

Mwana sadzasiya Chingerezi cha kusukulu podikira kuti amalize Chichewa, ndiye ziwirizi ziziyenda limodzi, koma muzimuuza momveka kuti tsopano tili m'chinenero chiti. Ine ndinali ndi makadi a mitundu iwiri, oyera a Chichewa, achikasu a Chingerezi.

Muuzeni zimene sizisintha: m, n, s, f, t, k, l ndi ena ambiri amamveka pafupifupi chimodzimodzi. Kenaka muonetseni misampha. Malembo a liwu asanu aja ali ndi maliwu ena m'Chingerezi, ndipo ayambe ndi aafupi a mu "cat", "bed", "sit", "hot" ndi "cup". Th wa mu "thin" si th wa mu "thumba", ndipo ph wa mu "phone" amamveka f. Msampha waukulu ndi wakuti mawu athu amathera pa lembo la liwu, ndiye lilime la mwana limafuna kunena "bedi" ndi "sitopu". Muzolowetseni kuima pa d ndi pa p. Mawu ena ofala, monga "the", "said" ndi "one", satsata malamulo bwinobwino. Aphunzitseni ochepaochepa, mukumuonetsa mbali imene ili yachilendo. Funsani aphunzitsi maliwu amene akuphunzitsa mlungu umenewo kuti muzibwereza omwewo kunyumba. Ngati katchulidwe kanu ka Chingerezi mukukakayikira, pemphani mwana wamkulu wa pafupi kuti azithandiza mbali imeneyi, inu mugwire ya Chichewa ndi ya nthano. Mwana amene ali pasukulu yophunzitsa m'Chizulu savutika kwambiri, chifukwa malembo a liwu ndi omwewo asanu. Zatsopano ndi monga c, q, x ndi hl.

Kumbukirani kuti m'dziko muno Giredi R mpaka Giredi 3 ndi zaka zophunzira kuwerenga. Kuyambira Giredi 4 mabuku a masamu, sayansi ndi mbiri amangoganiza kuti mwana akuwerenga kale.

Zikapanda kuyenda

Mukachita zimenezi mokhulupirika miyezi itatu kapena inayi koma mwana sakusunga maliwu, kapena akulephera ndithu kuphatikiza awiri, musamutche waulesi ndipo musadikire kuti akula nazo. Keith Stanovich mu 1986 anabwereka mawu a pa Mateyu 25:29 pofotokoza zimene zimachitika: wowerenga bwino amawerenga zambiri n'kumapitirira, wovutika amathawa mabuku n'kumatsalira chaka ndi chaka.

Yambani ndi kukiliniki, mutatenga kabuku kake ka sikelo, akamuone makutu ndi maso. Mwana amene ankatuluka mafinya m'makutu kawirikawiri akhoza kumamva mawu koma osasiyanitsa maliwu oyandikana. Zimenezo zikakhala bwino, pitani kusukulu. Sukulu za boma zimayenera kukhala ndi gulu lothandiza ana ovutika, lotchedwa School-Based Support Team, ndipo kholo lili ndi ufulu wopempha kuti mwana aunikidwe. Ana ena ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa dyslexia. Iwonso amaphunzira ndi njira yomweyi ya maliwu, kungoti amafuna kubwereza kochuluka ndi masitepe aang'onoang'ono. Nkhani ya mapepala isakutsekeni pakamwa: mu Disembala 2019 khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu chifukwa chosowa zikalata.

Popita kukaonana ndi aphunzitsi nyamulani kope lija la madeti. M'malo mongonena kuti mwana sakhoza, atsegulireni tsamba n'kuwauza kuti, "Aphunzitsi, maliwu awa akuwadziwa, awa akusokoneza, ndipo mwezi watha anawerenga mawu 9 pamphindi. Kodi m'kalasi mukuona zomwezi, nanga kunyumba ndizibwereza ziti mlungu uno?"